Musanafukule mbiri ya khansala pa zachitetezo, imvani kaye za kamlatho kakwathu

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena ake amene ali mu timu ya kampeni ya shado khansala kuno ku Blantyre. Akuti awatuma kuti afufuze zomwe wopikisana naye wachita pa nkhani ya chitetezo zaka zomwe wakhala pa mpando, ndiye akufunsa poyambira. Achemwali, ndinawerenga kawiri kenako foni ndinaiika pansi, chifukwa ntchito imeneyi ndinaigwirapo mu 2019 ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale m'malo.

Mu 2017 mng'ono wanga ankagwira ntchito mu shopu ku Limbe, kuweruka cha m'ma 7 madzulo, minibasi kumutsitsa pa siteji, kwatsalako wapansi kudutsa pa kamlatho kamatabwa kolowera kwathu. Pamenepo usiku pamakhala mdima wa ndiwe yani. Tsiku limenelo anamudikirira anyamata atatu, anamulanda kafoni ndi ndalama ya ndiwo, ndiye poti anaika mkono kuteteza mutu chikwanje chinatera pa mkonopo. Tinamumanga ndi shati yanga, kumukweza pa kabaza ine ndili kumbuyo kumugwirira, magazi akuyenderera mpaka pa buluku. Zala ziwiri sizipinda mpaka pano, batani la malaya amamanga ndi dzanja limodzi. Khansala wa nthawiyo anabwera kudzazonda, anakhala pa mpando wathu wa pulasitiki, pamaso pa amayi nkunena kuti mwezi usanathe pa mlathopo payaka getsi. Silinayake.

Ndiye 2019 itafika ndinalowa timu ya wopikisana naye ndi mkwiyo wonse. Tsiku lina ndikumeta ndinamva wina akunena kuti akhansala ndi amene amakatulutsa akuba kupolisi, ndipo mmodzi mwa anyamata a pa mlatho ndi mphwawo, dzina anatchula. Sindinafunse wina aliyense. Usiku womwewo ndinalemba pa gulupu ya WhatsApp ya kudera, dzina la mnyamatayo momwemo, kukacha nkhani ili ponseponse, pa chigayo, pa kiyosiki ya madzi, kutchalitchi. Patatha masabata angapo wina anakuwa kuti wakuba pa msika, anthu atamuona mnyamata uja sanafunsenso, anamuthidzimula mpaka kugonekedwa. Chonsecho sanali mbale wa khansala, sanamangidwepo, ankangogulitsa makala. Mayi ake ndinkawaona m'mawa uliwonse pa siteji atanyamula kontena ya phala mu jumbo kupita kuchipatala, ine nkumayang'ana kumbali. Zinanditengera chaka kuti ndipite kukagwada pakhomo pawo.

Ndipo tinawina, achemwali. Munthu wathu analowa, kamlatho kanakhalabe mu mdima womwewo mpaka madzi a namondwe wa Freddy anakakokolola mu March 2023.

Chomwe chimandiwawa ndi chakuti umboni weniweni unalipo koma sitinaufune. Tinkafuna nkhani yotentha. Komanso ndinene mosapsatira, timu iliyonse imene imaima pa msonkhano nkumati umbava wachuluka chifukwa cha khansala uyu kapena phungu uyu ikunamiza anthu. Khansala salamula polisi. Polisi ya Malawi ndi imodzi dziko lonse, likulu lake ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo mkulu wake, Inspector General, amasankhidwa ndi pulezidenti nkuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo. Galimoto ya patrol ikasowa mafuta si khansala wasainira. Za belo nazonso anthu timazimva molakwika, malamulo akulu a dziko amati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo belo ndi ufulu wake pokhapokha patakhala chifukwa chomveka chomukanizira, ndiye mukamuona munthu ali panja mawa lake sizitanthauza kuti wina wadya kapena wandale waimba foni. Kusamvetsa kumeneku ndi komwe kukuchititsa kuti m'makwalalamu anthu aziotchana ndi matayala, ndipo andale amene amakolezera zimenezi kuti apeze mavoti ine sindiwakhululukira, ngakhale ali achipani changa.

Zomwe zili m'manja mwa khonsolo ndi zambiri kale, nzokwanira kumugwira nazo munthu: magetsi a mumsewu, misika, ngalande, ma layisensi a malo omwera mowa ndi nthawi yotsekera, ozimitsa moto, komanso komwe anthu akumanga nyumba. Chitetezo si zikwanje zokha ayi. Amene anaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche kugwera ku Chilobwe usiku uja akudziwa. Namondwe ameneyu anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo funso lakuti ndani ankaona anthu akumanga m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje koma osayankhula kukhonsolo ndi funso lachilungamo kumufunsa aliyense wofuna voti. Ine mpaka pano mvula ikagunda pa malata usiku ndimadzuka kukasuzumira ngalande.

Tsono poyambira pake

Pitani ku Civic Centre ku Chichiri mukapemphe maminitsi a misonkhano ya khonsolo ndi ya makomiti, muone masiku omwe anabwera, omwe anajomba, ndi zomwe anayankhula. Pemphani polemba kalata, mutchule lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, kope yanu aidinde. Akakuzengerezani, a Malawi Human Rights Commission ndi amene amayang'anira lamuloli. Ngati munthuyo ndi phungu, zonse zomwe ananena mu nyumba ija zili mu Hansard, komanso tsatirani ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, mndandanda wa mapulojekiti m'manja, inu mapazi pansi kukaona ngati mlatho wolembedwawo ulipodi, mujambule tsiku lioneke. Malipoti a Auditor General, mkulu wolondoloza ndalama za boma, nyuzi zakale za The Nation ndi The Daily Times, zigamulo za makhothi pa webusaiti ya MalawiLII, zonsezi nzapoyera. Kumangidwa ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu ziwiri, musazisakanize pa pepala lanu. Chomwe mwamva kwa munthu mmodzi yekha chisiyeni mu kope, chisafike pa gulupu, pajatu pali lamulo la 2016 la za pa intaneti lomwe lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi Facebook.

Koma amene anandiphunzitsa zambiri ndi a nebahudu. Nditasiya zandale ndinayenda nawo usiku umodzi, abambo asanu ndi mmodzi, tochi ziwiri, wezulo imodzi, ndalama yomwe amatolera khomo ndi khomo pa mwezi osakwana ndi mabatire omwe. Wapampando wawo anali ndi kope yakuda yothimbirira momwe analemba tsiku lililonse lomwe anaitana khansala ku msonkhano, pambali pake chizindikiro ngati anabwera kapena ayi. Masamba atatu. Tikanawerenga kope imeneyo pa msonkhano mu 2019 sipakanafunika dzina la mwana wa munthu.

Chomaliza, mudzakumana ndi mabanja ngati lathu, ovulazidwa, oferedwa. A timu yanu adzafuna zithunzi zawo pa positala, ife anatipempha mkono wa mng'ono wanga, iye anakana ndipo ndinakwiya naye sabata yonse, pano ndimamuthokoza. Pitani mukhale nawo pansi, mufunse ngati akufuna kutchulidwa, akati ayi ndi ayi. Maminitsi aja mukawapeza mundilembere, amakhala mu Chingerezi cha maofesi chotopetsa, tidzawerengere limodzi Loweruka lina.