Kodi Bingu analidi mtsogoleri wa alimi?

Owerenga wina, amene akuti anali ku pulayimale nthawi ya ulamuliro wa Bingu, wanditumizira imelo. Akufunsa kuti: "Agogo anga salabadira za ndale, koma mukangotchula Bingu amati ameneyo ndiye anatidyetsa. Anachitadi chiyani kumidzi?"

Achemwali, agogo anuwo sakunama ayi.

Bingu wa Mutharika anabadwira ku Thyolo mu 1934. Anaphunzira zachuma ku India, n'kugwira ntchito kunja zaka zambiri mpaka kukhala mlembi wamkulu wa COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Anapambana chisankho cha 2004 pa tikiti ya UDF, koma chaka chotsatira anatulukamo n'kuyambitsa DPP. M'chaka chomwecho cha 2005 mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni anafunika chakudya cha thandizo.

Mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank sankafuna kuti boma lizitsitsira alimi mtengo wa feteleza. Bingu anakana kuwamvera, ndipo pambuyo pake unduna wa zaulimi anadzaugwira yekha. Ndi m'mene makuponi anayambira. Wolandira ankagula matumba awiri a makilogalamu 50, wokulitsa ndi wobereketsa, pa K950 thumba limodzi, mtengo umene unadzatsika kufika pa K500 pofika 2009. Anthu ankagona pamzere ku ADMARC atamangirira kuponi pa mfundo ya chitenje. M'midzi yambiri makuponi sankakwana, ndiye amfumu ankalamula kuti mabanja awiri kapena atatu agawane thumba, kuyeza ndi ndowa. Ena, njala itawapana, ankagulitsa kuponi kwa mavenda. Ngakhale zinali choncho nkhokwe zinadzaza, ndipo mu 2007 Malawi anagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mvula nayo inagwa bwino zaka zimenezo, mfundo yomwe omukonda sakonda kuitchula. Mu 2009 anthu akumudzi anamuthokoza ndi mavoti.

Pomwe ine ndimamupezera chifukwa ndi apa: feteleza wotsika mtengo anameza gawo lalikulu la ndalama za unduna, alangizi ndi ulimi wothirira n'kutsalira. Mlimi anadya, koma chaka chilichonse ankadikirabe kuponi ndi mitambo. Green Belt, yomwe inkayenera kuthirira minda ndi madzi a m'nyanja ndi a mu Shire, inamveka kwambiri pa wayilesi kusiyana ndi m'minda. Doko la Nsanje analitsegula ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, atsogoleri a nthawi imeneyo Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia ali pomwepo, asanamvane ndi boma la Mozambique lomwe sitima zinkayenera kudutsa m'madzi ake. Malonda amene a ku Chigwa cha Shire analonjezedwa sanafike.

Zaka zomaliza zinali zowawa: mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinasowa, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011 anthu anaphedwa. Anamwalira pa 5 Epulo 2012 akadali pampando, ndipo anaikidwa ku munda wake wa Ndata, kwawo ku Thyolo.