Mmene magulu a magemu ndi makomiki anaipitsira mbiri yawo

Achemwali, mwafunsa kuti zinatani kuti okonda magemu a pa kompyuta, makomiki ndi nkhani za m'mlengalenga, aja amati ma geek, azidziwika ndi chipongwe pomwe kale ankaoneka ngati ana ofatsa ovutitsidwa kusukulu. Nkhaniyi kwenikweni ndi ya ku America, ndipo inaphulika mu 2014, ngakhale muzu wake ndi wakale.

Msika wa magemu utagwa kumeneko mu 1983, kampani ya ku Japan ya Nintendo inalowa mu 1985 n'kumagulitsa makina ake ngati zidole, ndipo otsatsa malonda analunjika kwa anyamata. Mnyamata yemwe anzake ankamuseka anakula akuona gululi ngati kwawo kothawirako. Zinthuzi zitatchuka, aliyense akusewera pa foni, ena anadziika okha kukhala alonda a pachipata. Mtsikana akavala tisheti ya Batman ankapanikizidwa ndi mafunso ngati ali pa mayeso, kuti aoneke ngati ndi weniweni. Chonsecho akazi analipo kuyambira kale: kampeni ya makalata yopempha wailesi ya kanema ya NBC kuti isathetse pulogalamu ya nkhani za m'mlengalenga ya Star Trek mu 1968 anaitsogolera ndi Bjo Trimble ndi mwamuna wake John.

Chomwe chinasintha ndi intaneti, chifukwa inapatsa anthu ochepa njira yoonekera ngati chikhamu. Onani Gamergate, kampeni ya pa intaneti yozunza akazi a m'gulu la magemu. Mu Ogasiti 2014, yemwe anali chibwenzi cha Zoë Quinn, wopanga gemu ya Depression Quest, analemba nkhani yaitali yomunyoza. Ena anaitola n'kuyamba kufalitsa kuti Quinn anagona ndi mtolankhani wa Kotaku, webusayiti ya nkhani za magemu, kuti gemu yake iyamikiridwe. Mtolankhaniyo sanalembepo ndemanga younika gemuyo, koma bodza linali litayenda kale. Quinn anathawa pakhomo, ndipo wopanga magemu mnzake Brianna Wu naye anathawa mu Okutobala. Mwezi womwewo Anita Sarkeesian, wounika mmene magemu amaonetsera akazi, analephera kukalankhula ku Utah State University munthu wina ataopseza kuti awombera anthu, pomwe malamulo a ku Utah sankalola kuletsa omwe ali ndi chilolezo kulowa ndi mfuti muholo.

Kachitidwe kake kamafanana nthawi zonse. Amapangana kaye kobisika, monga pa 4chan, webusayiti yomwe anthu amalembapo osatchula mayina awo, ndipo a Gamergate atathamangitsidwa kumeneko anasamukira pa inzake ya 8chan. Amasankha munthu m'modzi ndi chifukwa chomveka chaulemu, apa chinali "chilungamo pa utolankhani wa magemu". Kenako wina amafukula adiresi, nambala ya foni ndi mayina a achibale n'kuzimwaza poyera, zomwe amati doxxing. Munthu m'modzi amatsegula maakaunti abodza ambirimbiri, ena n'kumalembera makampani otsatsa malonda. Kampani ya zipangizo za kompyuta ya Intel inagwa m'mbuna imeneyi n'kuchotsa malonda ake pa Gamasutra, webusayiti ina ya nkhani za magemu. Mapeto oipitsitsa ndi swatting: kuimbira apolisi kunama kuti panyumba yakuti pali wina wagwira anthu ndi mfuti. Mu Disembala 2017 ku Wichita, apolisi anawombera n'kupha bambo wa zaka 28 pakhomo pake, yemwe sankadziwa n'komwe za mkangano wa osewera gemu ya Call of Duty wobetcherana dola imodzi ndi theka. Woimba foniyo, Tyler Barriss, anagamulidwa zaka 20.

Nkhani ya mu 2015 ya mphoto za Hugo, zomwe zimaperekedwa kwa olemba nkhani za m'mlengalenga, ndiyo imaonetsa bwino masamu ake. Aliyense wolipira madola 40 ankatha kusankha nawo mabuku oti akapikisane pa voti yomaliza. Owerenga wamba amabalalika, wina buku ili wina ilo, koma magulu awiri a olemba ndi owatsatira, odzitcha Sad Puppies ndi Rabid Puppies, anauza anthu awo kulemba mndandanda umodzi. Anthu mazana ochepa anadzaza zigawo zathunthu za mphotozo ndi mabuku a pa mndandanda wawo. Pa voti yomaliza anabwera ovota oposa 5,000 ndipo m'zigawo zisanu anasankha kuti mphoto isaperekedwe kwa aliyense. Ndiye kuti ambiri sankagwirizana nawo, koma manyuzipepala analemba za phokosolo. Kawerengedwe ka mavoti anakasintha pofika 2017.

Apa mpomwe ndimasiyana ndi onena kuti ndi kagulu kochepa chabe ndiye tisadandaule. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, makamaka ngati eni dengu sakuichotsa. Gulu limawonongeka motere: wachipongwe amakhala wodziwa zinthu kapena wakalekale, ma admin amachita naye manyazi n'kumati ndi mmene amachezera. Wonyozedwa sadandaula, amangotuluka mwakachetechete. Pakatha chaka, otsala ndi okhawo opirira mwano kapena oukonda, ndipo watsopano amaganiza kuti chikhalidwe chake n'chimenecho. YouTube ndi Twitter zinathira mafuta, poti kanema wokalipa amakopa anthu ambiri kuposa wofotokoza modekha, ndipo wokalipayo amalandirapo ndalama.

Komwe zachepako, achita zinthu zogwirika. Lamulo lakuti "tizilemekezana" siligwira ntchito. Lofunika ndi lotchula chinthucho ndi chilango chake, ngati kuika chithunzi kapena nambala ya munthu popanda chilolezo, kuchotsedwa tsiku lomwelo. Madandaulo azipita kwa ma admin osachepera awiri, kuopa kuti wodandauliridwayo ndi mnzake wa m'modzi. New York Comic Con, nkhumano yaikulu ya okonda makomiki, mu 2014 inaika zikwangwani zikuluzikulu zonena kuti munthu kuvala ngati wa m'komiki si chilolezo choti mumugwire kapena kumujambula, ndipo wophwanya amatulutsidwa.