Ophunzira akusiya, mavolontiya akuzemba, kalasi ya kompyuta tiyikonze bwanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena aku Dedza omwe amayang'anira kalasi ya kompyuta pa holo ya tchalitchi chawo. Ndadulako zina koma nkhani yake ndi iyi: "Tinapatsidwa makompyuta akale ndi akufuna kwabwino. Ophunzitsa ndi achinyamata ongodzipereka, ambiri anamaliza Fomu 4. Poyamba anthu amadzaza holo koma pakatha masabata angapo amatsala ochepa, nawonso mavolontiya amabwera mwa apo ndi apo. Tikulakwitsa pati, ndipo tingakonze bwanji popeza ndalama tilibe?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo ntchito mukugwirayi musaione ngati yaing'ono ayi. Ndiyambe ndi kukufunsani funso limodzi, tsiku loyamba munthu akamatuluka mu holomo amakhala atapanga chani ndi manja ake? Chifukwa makalasi ambiri otere amayamba ndi manotsi pa bolodi, kompyuta ndi chani, mbali zake ndi ziti, mbiri ya Charles Babbage yemwe amati ndi tate wa kompyuta, anthu nkumakopera mu kope kompyuta ili pomwepo yovundikiridwa ndi nsalu. Sindikuwada mavolontiyawo, akuphunzitsa mmene anaphunzirira iwowo pokonzekera MSCE. Koma mayi wa banki mkhonde amene wasiya geni yake pamsika sanabwerere mayeso, wabwera kuti adziwe kulemba ndalama za gulu osasokoneza. Mnyamata uja akufuna CV. Wina mwana wake akufuna kufunsira malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, kapena ngongole ya sukulu ndipo zonsezi masiku ano ndi za pa intaneti. Anthu amenewa akaona kuti sabata yachitatu yakwana chosowa chawo sichinakhudzidwe, sakangana nanu, amangosiya kubwera basi.

Ndiye silabasi mulembenso, koma isakhale ya mitu, ikhale ya ntchito. Tsiku loyamba aliyense ayatse yekha kompyuta, alembe dzina lake ndi mudzi wake, asunge, ndipo ngati pulinta ilipo atuluke ndi pepala mmanja akaonetse kunyumba. Kenako kalata yofunsira ntchito, CV, buku la banki mkhonde mu Excel, pologalamu yowerengetsera, loti likuwonkhetsa lokha masheya ndi chiwongola dzanja, kutumiza imelo yokhala ndi setifiketi yojambulidwa pa foni. Za mabatani ndi mamenyu zimalowa zokha munthu akamapanga chinthu chomwe akuchifuna. Ndipo musaiwale foni, chifukwa ambiri mwa ophunzira anu kompyuta kunyumba alibe koma foni ali nayo mthumba. Phunziro limodzi lathunthu likhale la akuba a pa Airtel Money ndi Mpamba, aja amaimba kuti "ndatumiza ndalama molakwika bwezani" kapena kudzitcha a kampani nkumapempha PIN. Phunziro limenelo anthu akalifalitsa okha mmudzi.

Tsopano pali chizolowezi china chomwe ndikufuna mukachiyang'anitsitse mukalowa mkalasi. Mayi wachikulire wagwira mausi koyamba, dzanja lauma gwa, akati adine kawiri mausi yasuntha, chithunzi chathawira kwina. Volontiya waima kumbuyo, wapirira pang'ono, kenako "tabweretsani amayi" walanda mausi, tcha tcha tcha zatheka. Iye akuona ngati wathandiza. Mayi uja waseka mwamanyazi, wabweza manja pa chitenje, ndipo mumtima watsimikiza kuti izi nza ana. Mawa simumuonanso. Lamulo likhale loti volontiya sagwira mausi kapena kiyibodi ya wophunzira, aloze ndi chala, afotokoze m'Chichewa, adikire ngakhale zitenge mphindi 5. Nzovuta kwa wachinyamata wa changu, nchifukwa chake muyenera kuwayesetsa okhaokha kaye, wina akhale ngati agogo wina aziphunzitsa manja ali kumbuyo.

China chofanana nacho ndi cha maimelo. Volontiya pofuna kufulumira amamutsegulira munthu Gmail, nkuika nambala yake ya foni ya iyeyo, pasiwedi nkupeka yekha. Pakatha miyezi volontiya wapita ku Lilongwe, mwini imelo waiwala pasiwedi, kodi yotsegulira ikupita ku foni ya munthu yemwe kulibe, ndipo mwina mu imelomo ndi momwe mukubwera yankho la ntchito. Nambala ikhale ya mwini wake, pasiwedi apeke yekha ndi kuilemba malo obisika kunyumba, volontiya asaidziwe nkomwe.

Za mavolontiya kuzemba, apa tilankhule chilungamo mayi. Achinyamatawa ali pa ulova, akusaka ntchito, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ngakhale kabaza weniweniyu sakwereka mwachisawawa. Munthu amene wayenda wapansi kudzaphunzitsa ulere, nkubwerera ndi njala, tsiku lina akapeza ganyu asankha ganyu ndipo sanalakwe. Musawapemphe kudzipereka kopanda malire. Gwirizanani kuti gulu limodzi ndi masabata 8 kapena 10, masiku awiri pa sabata, akamaliza ali ndi ufulu kupuma kapena kupitiriza. Pa kalasi pakhale awiri, wina kutsogolo wina akuzungulira, kuti mmodzi akapita kumaliro kalasi isafe.

Komanso iwowo akupindulapo chani? Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe mapologalamu ambiri amagwera, amaganizira ophunzira okha ngati kuti volontiya anamaliza kale kuphunzira. Apatseni tsiku lawo, kaya Loweruka limodzi pa mwezi, aphunzire zozama, mafomyula a Excel, kukonza kompyuta ikafa, kusonkhanitsa deta pa tabuleti ndi zinthu ngati KoboToolbox zomwe mabungwe amagwiritsa ntchito pa kafukufuku. Kumbukirani kuti kalembera wa 2018 anachitika pa matabuleti, ntchito za mtundu umenewo zimafuna munthu wozolowera kale. Pemphani mphunzitsi wa kompyuta wa ku sekondale yapafupi kapena wina wa ku ofesi za boma paboma adzawathandize tsiku limodzi, ambiri savuta mukawapempha mwaulemu. Aloleni agwiritse ntchito makompyutawo pofunsira ntchito kalasi ikatha, ndipo amene wamaliza gulu lake mulembereni kalata ya umboni yokhala ndi chidindo yonena zomwe wachita. Kalata imeneyo kwa mwana wongomaliza sukulu ndi chinthu chachikulu zedi. Ya thiransipoti ndi kachakudya ingachokere pa kandalama kochepa kolembetsera ndi kutaipira anthu makalata, bola ndalamazo zilembedwe poyera aliyense aziona. Wosowa kwenikweni musamubweze, komiti ione chochita.

Maphunziro onse alembedwe ndi kusungidwa mu fayilo imodzi pa holo, tsamba limodzi pa phunziro. Zikakhala mmutu mwa mnyamata mmodzi waluso, tsiku lomwe wapeza ntchito pologalamu yapita naye.

Za magetsi sindichulutsa, tonse tinaona mmene zinalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022. Khalani ndi phunziro la pa foni losungira tsiku lomwe athima, ndipo wina akafuna kukupatsani zida pemphani malaputopu chifukwa amasunga moto. Makompyuta akalewo ngati ali pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okotobala 2025, ndiye ganizirani Linux Mint mmalo mwa Windows ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera, nzaulere, zimayenda bwino pa makina okalamba ndipo mavayirasi a mmafulashi aja osandutsa mafayilo kukhala mashotikati savutitsa. Bandulo ikavuta, pologalamu ya Kiwix imakulolani kukhala ndi Wikipedia popanda netiweki.

Nthawi nayonso muione. Ku Dedza dzinja anthu ali kumunda, tsiku la msika ali kumsika, ndiye gulu loyamba mu Disembala lidzatha lokha ngakhale aphunzitsi akhale abwino chotani. Yambani anthu akakolola, ndipo amayi afunseni okha ola lomwe angakwanitse, musawasankhire.

Setifiketi perekani, anthu amaikonda, koma ilembe zomwe munthuyo wapanga pamaso panu monga kulemba kalata, kutumiza imelo ndi kukonza buku la ndalama, ndipo musaitchule ngati ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, pomwe simunalembetse kumeneko. Musanatsegule gulu lina, tumani mavolontiya awiri akacheze ndi ena mwa omwe anasiya aja, kunyumba kwawo osati pa holo, akawafunse chomwe ankafuna pobwera ndi tsiku lomwe anaganiza zosiya. Zimene akanene mukazilembe, phunziro loyamba la gulu latsopano lichokere pamenepo.