Mankhwala azitsamba a ku China: za yin ndi yang komanso kaphikidwe kake

Mayi, mwafunsa ngati mankhwala azitsamba a ku China amakhudzana ndi mizimu, popeza wogulitsa wakuuzani kuti amakonza yin ndi yang. Mwafunsanso za kaphikidwe kake.

Pa za mizimu, mtima ukhale m'malo. Dokotala wa mankhwalawa saombeza ula, sayitananso makolo. Chiphunzitso chawo chimati m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndipo moyo umadalira zinthu ziwiri zosiyana koma zokhalira limodzi. Yin ndi kuzizira, chinyontho ndi bata. Yang ndi kutentha, kuuma ndi kuyenda. Chimodzi chikachuluka, munthu wadwala. Ziwalo amazifanizira ndi zachilengedwe: chiwindi ndi mtengo, mtima ndi moto, kapamba ndi dothi, mapapo ndi chitsulo, impso ndi madzi. Awa ndi maganizo a anthu akale ofotokozera thupi. Qi sayezedwa ndi makina a kuchipatala.

Phindu la chiphunzitsochi lagona pa kasankhidwe ka mankhwala. Sapereka mankhwala poyang'ana dzina la matenda, amayang'ana munthuyo. Amaona lilime, n'kumva kugunda kwa magazi pa malo atatu pamkono uliwonse. Anthu awiri achimfine salandira zofanana. Wonjenjemera, wa mamina oyera, amamupatsa zotenthetsa monga jinja. Wowawa pakhosi, waludzu, wa mamina achikasu, amamupatsa zoziziritsa monga timbewu. Mukasinthanitsa, mwawonjezera vuto. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira paketi imodzi yoti imachiza aliyense.

Msakanizo uliwonse amaukonza ngati bwalo la mfumu: pali mfumu, nduna, athandizi ndi mthenga. Chitsanzo ndi Gui Zhi Tang, wa dokotala wakale wa ku China Zhang Zhongjing, wa cha m'chaka cha 200. Mfumu ndi timitengo ta sinamoni, magalamu 9. Nduna ndi muzu wa baishao, magalamu 9. Athandizi ndi jinja wamuwisi, magalamu 9, pamodzi ndi zipatso za dazao. Mthenga ndi muzu wotsekemera wa gancao, magalamu 6. Wodwala akamwa, amamwanso phala lamadzimadzi lotentha n'kufunda kuti atuluke thukuta pang'ono chabe, osati loyenderera.

Phikani mu mphika wadothi kapena wagalasi, osati wachitsulo kapena wa aluminiyamu, chifukwa umasintha mankhwala. Viikani zitsamba m'madzi ozizira mphindi 30, madzi apitirire zitsamba ndi zala ziwiri. Wiritsani pa moto waukulu, kenako chepetsani moto kwa mphindi 20 mpaka 30, chivundikiro chili pamwamba. Sefani, thiraninso madzi, phikani kachiwiri, phatikizani madzi onsewo ndipo mumwe kawiri, m'mawa ndi madzulo. Masamba onunkhira amalowa pa mphindi 5 zomaliza, apo ayi mphamvu yake imathawa ndi nthunzi. Zikapserera, tayani.

Tsono ngozi. Fuzi ndi muzu wa poizoni umene umasokoneza mtima ngati sunawiritsidwe wokha nthawi yaitali. Musauphike nokha kunyumba. Mahuang amakweza BP, ndipo America inaletsa mankhwala ochepetsa thupi okhala ndi chitsambachi mu 2004. Gancao yemweyo mukamamwa masabata ambiri amakwezanso BP ndi kutupitsa miyendo. Mizu ya danshen ndi danggui ikakumana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu akhoza kutaya magazi. Ku Belgium, m'zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso chifukwa muzu wina wa Aristolochia unalowa m'malo mwa muzu wofanana nawo dzina. Paketi yosalemba zomwe zili mkati isiyeni. Ngati muli oyembekezera, kapena mukumwa ma ARV, a shuga kapena a BP, kaonetseni kaye adokotala.

Mbali imodzi ya mankhwala a LA amene timalandira tikadwala malungo inachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa qinghao. Mayi wasayansi wa ku China, Tu Youyou, anawerenga zimene katswiri wa mankhwala Ge Hong analemba kalekale, zoti chitsambachi chiviikidwe m'madzi n'kufinyidwa osawiritsa, ndipo anazindikira kuti kutentha kumaononga mphamvu yake. Anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2015. Koma tiyi wa masambawo sangalowe m'malo mwa LA, chifukwa mlingo wake sudziwika ndipo tizilombo totsala timazolowera mankhwala. Mwana akatentha thupi, pitani naye akayezedwe malungo tsiku lomwelo.