Kodi ndalama za makampani akunja zimatukuladi mafakitale athu?

Achimwene, mwafunsa ngati makampani akunja akabwera ndi ndalama zawo amakwezadi mafakitale m'maiko osauka ngati lathu lino. Kwa ine, nkhani yagona pa zomwe kampaniyo yasiya m'manja mwa eni dziko.

Taonani Bangladesh. Mu 1979 kampani ya Daewoo ya ku South Korea inagwirizana ndi Desh Garments, n'kutengera antchito pafupifupi 130 ku Korea kukaphunzira kusoka zovala zogulitsa kunja. Atabwerako, ambiri anachoka n'kukatsegula mafakitale awoawo. Luso lija linafalikira, ndipo lero dzikolo lili m'gulu la maiko otsogola pogulitsa zovala kunja.

Kuno ku Blantyre, Carlsberg inatsegula fakitale yake yoyamba ya kunja kwa Denmark mu 1968, kenako Castel inaigula mu 2016. Anthu analembedwa ntchito, boma linatolera misonkho, palibe angakane. Koma ine ndimafunsa kuti zipangizo akugula kwa yani? Fakitale ya ku Makata kapena ku Chirimba ikamaitanitsa chilichonse kunja, ngakhale makatoni amene, imadya ndalama zakunja zomwe tikuzisowa kalezo, phindu n'kulitumizanso kwawo. Mlimi wa ku Lunzu osalawako.

Migodi ndiye imadalira mtengo wa pamsika wakunja. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga anautsegula mu 2009, uranium itatsika mtengo ntchito inaima mu 2014.

Komanso magetsi akamazimazima chonchi, amene amabwera ambiri ndi ogulitsa katundu wopangidwa kale, osati omanga mafakitale.