Kalulu wasiya kudya ndipo dokotala wa ziweto ali kutali: yankho kwa mayi wa ku Mchinji

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa m'boma la Mchinji, ndipo ndaganiza zoyankha poyera chifukwa vuto lawo limagwera anthu ambiri amene amasunga akalulu. Mayiwa ali ndi kalulu wamkazi wa zaka ziwiri, amene sanamuwetere ndiwo koma ndi chiweto cha ana awo ndipo amakhala m'kakhola ka pakhonde. Akuti kuyambira dzulo lake madzulo kaluluyo sanadye kanthu, wangodzipinda pakona, ndipo ndowe zochepa zimene akuchita ndi zazing'ono komanso zouma. Masiku onse amadya madeya, mikute ya nsima ndi masamba a kabichi. Dokotala wa ziweto ali kutali, ndipo mnansi wawo wawalangiza kuti amumwetse mafuta ophikira ndi ufa wa m'kapisozi ya amoxicillin. Funso lawo ndi lakuti achite chiyani ali pakhomo pomwepo.

Mayi, ndiyambe ndi malangizo a mnansi wanuwo, chifukwa ndi amene angaphe kaluluyo msanga kuposa matenda enieniwo. Musamumwetse amoxicillin, ngakhale pang'ono. M'matumbo a kalulu muli thumba lalikulu lotchedwa caecum, mmene mumakhala mabakiteriya abwino amene amagaya udzu ndi masamba. Mankhwala monga amoxicillin, ampicillin, penicillin wakumwa, erythromycin, clindamycin ndi lincomycin amapha mabakiteriya abwinowo n'kusiya ena a mtundu wa Clostridium, amene amachulukana ndi kutulutsa poizoni. Kalulu amatsekula m'mimba koopsa n'kufa patangopita masiku ochepa, ndipo mwini wake amaganiza kuti wafa ndi matenda oyamba aja. Mafuta ophikira nawonso musamupatse. Sasungunula chilichonse m'mimba mwake, ndipo kalulu wofooka akatsamwa nawo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Panado ndi ibuprofen wa anthu musayesenso, pakuti mlingo wake ndi wovuta kuyeza pa kanyama kolemera makilogalamu awiri, ndipo ibuprofen amatha kuwononga impso ndi m'mimba.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto limene madokotala amalitcha gut stasis, kutanthauza kuti matumbo achepetsa kapena asiya kukankha chakudya. Thupi la kalulu linapangidwa kuti azidya pang'onopang'ono usana ndi usiku, ndipo chimene chimayendetsa matumbo ake ndi ulusi wolimba wa mu udzu. Akasiya kudya, zimene zili m'mimba zimauma ndi kugwirana, mpweya umachuluka, ululu umakula, ndipo ululuwo umamuletsanso kudya. Kalulu satha kusanza, choncho alibe njira ina yopepukira. Akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, chiwindi chake chimayamba kudzaza mafuta ndipo kuchira kumavuta kwambiri. N'chifukwa chake kalulu amene watha maola 12 osadya ndiponso osachita ndowe sayenera kudikiridwa kuti tione mawa. Wanuyo wapitirira kale malire amenewo, choncho ntchito iyambe lero.

Musanamupatse kanthu kalikonse, yambani mwamupima mimba, chifukwa pali mavuto awiri ofanana maonekedwe amene chisamaliro chake n'chosiyana kotheratu. Muikeni pa mphasa kapena pa thaulo pansi, miyendo yonse inayi itaponda, ndipo ndi zala zanu mugwire mofatsa mbali zonse ziwiri za mimba kuyambira kuseri kwa nthiti. Ngati mimba ili yofewa, kapena mukumva kuti muli zinthu zogwirana koma ikubonyezeka mukaidina pang'ono, n'kutheka kuti ndi kuima kwa matumbo kumene mungathe kulimbana nako pakhomo. Koma ngati yatupa ndi kulimba ngati ng'oma, makamaka kumtunda kumanzere kuseri kwa nthiti, ndipo kaluluyo anadwala mwadzidzidzi, makutu ndi mapazi azizira, akupuma mofulumira ndipo sakuchitanso ndowe ngakhale imodzi, pamenepo pali mantha akuti chinthu china chatseka njira ya chakudya. Kalulu wotere musamukakamize kudya kapena kumwa, ndipo musamusisite mimba mwamphamvu, chifukwa mukhoza kung'amba chifu chimene chafufuma kale. Mufunditseni, ndipo yesetsani mwa njira iliyonse kumufikitsa kwa dokotala tsiku lomwelo. Ndikunena mosabisa kuti akalulu ambiri amene njira yatsekeka chonchi sapulumuka popanda dokotala, ndipo zikatero musadziimbe mlandu.

Tiyerekeze tsopano kuti mimba ndi yofewa. Choyamba ndi kutentha kwa thupi. Kalulu wathanzi amatentha madigiri 38.5 mpaka 40, ndipo akadwala m'mimba thupi limayamba kuzizira, zimene zimachedwetsanso matumbo. Ngati mulibe choyezera, gwirani makutu ake. Akakhala ozizira, thirani madzi ofunda m'botolo, mulikulunge ndi chitenje ndipo muliike pambali pake, koma mumusiyire mpata woti asunthe akamva kutentha kwambiri. Mulowetseni m'nyumba pamalo abata, kutali ndi agalu ndi phokoso, ndipo muwapemphe ana kuti asamunyamulenyamule ngakhale kuti akumumvera chisoni. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala zimatha kukhala zosiyana: kalulu amene makutu ake atentha, wagona chotambalala ndipo akupuma mwawefuwefu wavutika ndi kutentha, ndipo ameneyo akufunika mthunzi ndi kumunyowetsa makutu ndi madzi ozizira pang'ono, osati botolo lofunda.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti muikepo mtima kwambiri, chifukwa madzi ndiwo amafewetsa zimene zauma m'matumbo. Kalulu amafuna madzi pafupifupi mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndiye wa makilogalamu awiri amafuna pafupifupi mamililita 200. Muikireni madzi oyera m'mbale yotakasuka, pakuti akalulu ambiri amamwa bwino m'mbale kuposa m'botolo lopachika. Ngati sakumwa yekha, gulani sirinji ku famase, muchotse singano, ndipo muzimumwetsa madzi ofunda pang'ono mamililita 5 mpaka 10 ola lililonse kapena maola awiri alionse. Madzi a Thanzi osungunulidwa motsatira malangizo a pa paketi angagwirenso ntchito. Kamwetsedwe kake n'kofunika monga madzi enieniwo. Mukulungeni ndi thaulo kuti asaphiriphithe, akhale choimirira ndi mapazi pansi, ndipo musamugoneke chagada. Lowetsani nsonga ya sirinji chapambali pa kamwa, pa mpata umene uli kuseri kwa mano akutsogolo, n'kudontheza pang'ono, osaposa mililita imodzi, kenako mudikire kuti ameze musanawonjezere. Kalulu amene wafooka mpaka kulephera kudzutsa mutu kapena kumeza musamumwetse, chifukwa madziwo adzapita m'mapapo.

Akayamba kulandira madzi ndi kufunda, bwerani ndi chakudya. Yambani ndi kumunyengerera kuti adye yekha. Muikireni pafupi ndi mphuno masamba atsopano amene mwawatsuka n'kuwasiya onyowa, monga chisoso, kholowa, masamba a karoti, masamba a mabulosi ndi udzu wanthete wa kapinga kapena nsenjere, ndipo pambali pake pakhale udzu wouma bwino wopanda chuku. Nthawi zina kumugwedezera tsamba pakamwa kumamuchititsa kuti alilume mokwiya, kenako n'kuyamba kutafuna. Ngati akukanabe, mupangireni phala la sirinji. Amene ali ndi chakudya cha akalulu chogula chija chamibulu achiviike m'madzi ofunda mpaka chiphwanyike. Amene alibe asinje mu mtondo udzu wouma ndi masamba ouma a mtedza kapena a mbatata, asefe, ndipo ufawo ausakanize ndi dzungu lophika lopanda mchere kapena shuga pamodzi ndi madzi, mpaka phalalo lizitha kudutsa mu sirinji. Mukhoza kudula nsonga ya sirinji kuti bowo likule, koma musalaze m'mphepete mwake kuti isamucheke. Mupatseni mamililita 10 mpaka 15 maola atatu kapena anayi alionse, usiku womwe, mofanana ndi mmene mumamumwetsera madzi. Phala la ufa wa chimanga, mkaka, buledi, uchi ndi zakumwa zotsekemera musamupatse, chifukwa shuga ndi sitachi wambiri ndiwo amadyetsa mabakiteriya oipa aja. Mudzamvanso ena akunena kuti madzi a chinanazi kapena papaya amasungunula ubweya m'mimba. Sasungunula, ndipo ubweyawo kawirikawiri umaunjikana chifukwa matumbo aima kale, osati kuti ndiwo unayamba kuwaimitsa.

Pakati pa nthawi zodyetsa, msisiteni mimba mofatsa kwa mphindi zingapo kuchokera kunthiti kupita kumchira, ndipo musiye akangoonetsa kuti zikumupweteka. Mulimbikitseni kuyenda pang'ono m'chipinda, pakuti kuyenda kumathandiza matumbo kuyambiranso ntchito. Ngati ku famase kuli madontho a makanda ochotsa mpweya m'mimba okhala ndi simethicone yekha, mukhoza kumupatsa mililita imodzi ola lililonse katatu. Madokotala sagwirizana za kukula kwa phindu lake, koma mankhwalawa salowa m'magazi ndipo sadziwika kuti amavulaza akalulu. Werengani bwino pa botolo kuti musagule osakanizidwa ndi mankhwala ena.

Chimene simungathe kuchita nokha ndi kuthetsa ululu, ndipo ululu ndi gawo lalikulu la matendawa. Kalulu kawirikawiri salira, amaonetsa ululu mwa kukukuta mano mokweza, kutsinzina maso, kudzipinda ndi kukanikiza mimba pansi. Madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala ochepetsa ululu otchedwa meloxicam, ndipo nthawi zina amawonjezera madzi obaya pansi pa khungu ndi mankhwala oyendetsa matumbo monga metoclopramide. Onsewa amafuna munthu wodziwa, chifukwa meloxicam amavulaza impso za chiweto chimene chatha madzi m'thupi, pamene metoclopramide ndi woopsa ngati njira yatsekeka. Pa chifukwa chimenechi ndikukupemphani kuti musataye mtima n'kunena kuti thandizo kulibiretu. Ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, imene ambiri amaitcha EPA, kumakhala alangizi a ziweto a boma, ndipo ngakhale kuti ntchito yawo yambiri ndi ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, amadziwa kubaya ndi kuyeza mlingo wa mankhwala. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA. Yesani kuimba foni, mutumize kanema wa kaluluyo ndi chithunzi cha ndowe zake pa WhatsApp, ndipo munene kulemera kwake ndi nthawi imene anadya komaliza. Aliyense amene angabwere kudzamuona, mukumbutseni mwaulemu za mankhwala oletsedwa amene ndatchula poyamba paja.

Mudzadziwa kuti zikuyenda mukaona ndowe zikubwerera. Zoyamba zimakhala zazing'ono, zakuda, zopindika, nthawi zina zolumikizana ndi ubweya kapena zokutidwa ndi zonanda, ndipo zimenezi zisakuopseni. Sesani pamene akugona kuti muthe kuona zatsopano. Pamatha kupita masiku angapo kuti ndowe zibwerere pa kukula kwake ndi kuti adye monga kale, choncho musasiye kumudyetsa ndi sirinji tsiku loyamba limene waluma tsamba, koma muzichepetsa pamene iye akuwonjezera kudya yekha. Ngati papita maola 24 mukuchita zonsezi popanda ndowe ngakhale imodzi, kapena mimba yayamba kulimba, ulendo wa kwa dokotala sungazengerezedwenso.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri. Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri: zouma zozungulira zija, ndi zina zofewa, zonyezimira, zomatana komanso zonunkha, zimene amadya yekha zikamatuluka chifukwa zili ndi zakudya zofunika m'thupi mwake. Mukaziona zitamatirira kumbuyo kwake pamene zouma zikutulukabe, si kutsekula m'mimba. Nthawi zambiri ndi chizindikiro chakuti akudya madeya ambiri ndi udzu wochepa, kapena kuti wanenepa mpaka kulephera kudzipinda. Muzimutsuka kumbuyo kokhako ndi madzi ofunda n'kumupukuta kuti aume, chifukwa ntchentche zimaikira mazira pa ubweya wonyowa ndipo mphutsi zimayamba kudya mnofu pasanathe tsiku. Kutsekula kwenikweni, kwa madzi okhaokha kapena kwa magazi, kumagwira kwambiri ana a akalulu amene angoleka kuyamwa ndipo kawirikawiri kumayamba ndi tizilombo ta coccidia, timene timafala m'khola lonyowa ndi lauve. Kumeneko kumafuna mankhwala ochokera kwa mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Akachira, chakudya chake chisinthe, chifukwa ndikukhulupirira kuti gwero la vutoli lili pa madeya ndi mikute. Gawo lalikulu la zimene kalulu amadya, pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, liyenera kukhala udzu, wouma kapena wauwisi, ndipo uzipezeka m'khola nthawi zonse. Masamba abwere pambuyo pake, ndipo madeya akhale ochepa kwambiri, ouma ndi opanda chuku, pakuti akalulu amavulala msanga ndi poizoni wa chuku. Nsima isiyeni kotheratu. Kabichi amupatse mwa apo ndi apo, wosakaniza ndi masamba ena. Chakudya chilichonse chatsopano muzichiyambitsa pang'onopang'ono kwa mlungu umodzi kapena iwiri, makamaka mvula ikangoyamba pamene msipu uli wanthete ndi wamadzi ambiri. Masamba a mapeyala, a nsatsi, a mbatatesi, a tomato, anyezi ndi chigwada chosaphika asamafike m'khola, ndiponso udzu wa m'munda mopoperedwa mankhwala.

Muonetsetsenso mano ake. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, akutsogolo pafupifupi mamilimita awiri pa mlungu, ndipo amaperepeseka ndi kutafuna udzu. Kalulu woleredwa ndi zakudya zofewa amatha kukhala ndi mano akumbuyo osongoka amene amacheka lilime ndi masaya, ndipo amasiya kudya chifukwa cha zilondazo. Ngati wanuyo akuchucha malovu, chibwano chake n'chonyowa, maso akutuluka misozi, kapena amatenga chakudya n'kuchigwetsa, vutoli lidzabwereranso ngakhale mutamuchiritsa lero. Mano akumbuyo simungawaone ndi maso pakhomo, ndipo musayese kudula akutsogolo ndi chowengera zikhadabo chifukwa amang'aluka mpaka ku muzu. Zikakhala choncho, akangopezako mphamvu mukonze ulendo umodzi wopita naye kwa dokotala, mutamuika m'katoni yoboola mipata ya mpweya, pamodzi ndi udzu ndi masamba onyowa oti azidya panjira.