Funsani Dokotala: Mvula ikangogunda malata, tulo timandithawa

Sabata ino ndasankha makalata atatu ochokera kwa amayi a muno mu Mzuzu. Onse akukamba za mvula, koma palibe amene akufunsa za malungo kapena kolera. Mayina ndachotsa.

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Masasa kumunsi kwa chitunda. Chaka chatha mvula inagwa usiku wonse ndipo khoma la kuchipinda kwa ana linagwa. Mulungu anatichitira chifundo, ana ndinali nditangowasamutsira pabalaza chifukwa denga linkadontha. Khomalo tinamanganso. Koma kuyambira pamenepo mvula ikangogunda malata mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu. Ndimachezera usiku wonse ndikuunika makoma ndi tochi ya pafoni. Nthawi zina ndimalota khoma likugwera mwana wanga wamng'ono. Bambo a kunyumba akuti ndayamba misala, anzanga a kumpingo akuti chikhulupiriro chandichepera. Kodi ndikupengadi?

YANKHO: Mayi, simukupenga ayi, ndipo chikhulupiriro chanu sichikukhudzidwa pa nkhaniyi. Usiku umene khoma linagwa, ubongo wanu unamanga pamodzi zinthu ziwiri: phokoso la mvula pa malata ndi imfa ya ana anu imene munaiona ikudutsa pakhomo. Tsopano ukangomva phokoso lija sudikira kuti muganize kaye. Umalamula tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso kuti titulutse m'magazi timadzi totchedwa adrenaline, ndiye mtima umagunda mwamphamvu, mpweya umabanika, thukuta limatuluka. Thupi limakhala likukonzekera kunyamula ana ndi kuthawa. Pafupifupi aliyense amene wapulumuka pangozi amamva zoterezi masiku oyambirira, ndipo kwa ambiri zimazilala zokha. Zikapitirira mwezi, pali maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kusowa tulo ngati momwe mwafotokozeramu, ife a chipatala timaganizira za vuto lotchedwa PTSD, lomwe ndi bala la m'maganizo lotsala munthu akadutsa m'zoopsa. Limachizika.

Koma sindikuuzani kuti musiye kuopa mvula, chifukwa kungakhale kukunamizani. Amene tinali muno mu April 2016 tikukumbukira mmene mvula inagwetsera nyumba ku Masasa, ku Chibavi ndi madera ena a mzinda uno, anthu n'kutaya miyoyo. Mvula ya kuno imagwa mpaka April, nthawi zina kudutsa, nthaka itakhuta kale madzi, ndipo nyumba yomangidwa ndi matope pansi pa chitunda chosemedwa imakhala pangozi yeniyeni. Mantha anuwa ali ndi mbali yoona. Vuto ndi loti akugwira ntchito usiku, nthawi imene palibe chimene mungakonze, ndipo akukudyerani tulo timene mukufunika kuti mulere ana.

Choncho ntchito ya mantha tiisamutsire masana. Itanani mmisiri womanga amene mumamukhulupirira aone khoma latsopanolo ndi maziko ake. Kumbani ngalande kuseri kwa nyumba kuti madzi otsika kuchitunda asamaime pakhoma, ndipo muziichotsa zinyalala mvula isanabwere. Dziwani zizindikiro zimene zikutanthauza kuti tulukani msanga: mng'alu watsopano kapena umene ukukula, chitseko chimene chayamba kuvuta kutseka chisanavutepo, madzi a matope otumphuka m'munsi mwa chitunda, mtengo kapena mpanda umene wayamba kupendekeka. Gwirizanani lero ndi wachibale kapena mnzanu wokhala pamalo abwino kuti mvula ikanyanya mukagona kwawo, ngakhale pakati pa usiku. Mabuku a kuchipatala, zitupa za unzika, zovala zochepa za ana ndi tochi muziike m'jumbo imodzi pafupi ndi chitseko. Za mmene nyengo ikhalire muzimvera ku nthambi ya boma yoona za nyengo kudzera pa wailesi, kamodzi madzulo n'kokwanira. Mavidiyo a madzi osefukira amene amazungulira pa WhatsApp musamaonere, makamaka pogona. Ubongo wanu susiyanitsa kuti ameneyu ndi wa ku Blantyre zaka zapitazo.

Usiku mtima ukayamba kuthamanga, khalani tsonga, mapazi agunde pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kwa mphindi zisanu. Kutulutsa mpweya mochedwa ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima. Izi muyambe kuphunzira masana kukuwala dzuwa, kawiri pa tsiku, chifukwa chinthu chimene simunachizolowere simungachikumbuke mantha atakugwirani. Mukatero unikani makoma kamodzi, osati kakhumi, ndipo ngati zizindikiro zija palibe, bwererani pamphasa. Masana kukamagwa mvula yowaza, khalani pakhonde ndi mnzanu mukusankha nyemba kapena kucheza, thupi liphunzirenso kuti mvula imatha kugwa n'kukata popanda chogwa.

Ndimeyi muwawerengere bambo a kunyumba. Bambo, akazi anuwa ndi amene anachotsa ana m'chipinda chija khoma lisanagwe. Mawu oti misala amawonjezera manyazi pa bala limene lilipo kale. Chimene mungachite ndi kugawana ulonda: usiku wa mvula yamphamvu nenani kuti "gona, lero ndiyang'anira ndine", ndipo muyang'aniredi. Kwa anzanu a kumpingo, pemphero lawo lilandireni, limatonthoza. Koma munthu wothyoka mwendo timamupempherera uku tikumutengera kuchipatala, ndipo palibe amene amati wathyoka chifukwa chosakhulupirira.

Popeza zimenezi zakhala zikuchitika kuyambira chaka chatha osasintha, ndikupemphani mupite mukaonane ndi a zaumoyo wa m'maganizo. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe, chifukwa a chipatala cha matenda a m'maganizo cha Saint John of God ali konkuno ndipo ali ndi aphungu ophunzira ntchito imeneyi. Mukhozanso kuyambira ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital n'kupempha kuti akutumizeni. Chithandizo chachikulu cha vuto lanu ndi kukambirana ndi mphungu kangapo motsatizana. Chonde musagule mapiritsi ogonetsa monga diazepam mwa inu nokha. Amagonetsa lero, koma sachiza balalo ndipo thupi limawazolowera msanga.

FUNSO: Ndimagulitsa tomato ndi masamba ku Zigwagwa. Dimba langa la m'mbali mwa Lunyangwa linakokoloka ndi madzi, chaka chinacho chimanga cha kumudzi chinapserera ndi dzuwa. Mvula ikakuona litsiro sikata, adokotala. Ndili ndi ngongole ku banki mkhonde ndipo ndasiya kupita kumsonkhano chifukwa cha manyazi. Mutu umandipweteka tsiku lililonse, ndimamwa panado m'mawa ndi madzulo. Kuchipatala anandiyeza malungo ndi BP, akuti zonse zili bwino. Chakudya sichikoma, ndimadzuka 3 koloko usiku n'kumangoganiza. Masiku ena ndimaona ngati bola kungofa.

YANKHO: Mayi, ndiyambira pa mawu anu omaliza, ndipo zikomo kuti mwawalemba mosabisa. Lero lomwe, dzuwa lisanalowe, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira mawu omwewa monga mwandiuzira ine. Mankhwala a m'dimba, a chimanga ndi a makoswe aja ena amati tameki, mumupatse munthu ameneyo akasunge kwawo. Maganizo ofuna kudzipha amabwera ngati chimphepo, amakula kenako n'kutsika, ndipo anthu ambiri amapulumuka chifukwa chakuti pa ola loipalo panalibe choopsa pafupi. Mawa m'mawa mupite kuchipatala ndi munthu yemweyo, mukanene kuti mukuganiza za imfa. Maganizowo akakula usiku musadikire kuche, pitani nthawi yomweyo. Muthanso kuimba 929, Chipatala cha pa Foni, ulere.

Zimene mwatchulazi, kusowa chilakolako cha chakudya, kudzuka mbandakucha, kuthawa anzanu, kudziona wopanda pake, zikapitirira masabata awiri timati ndi matenda a kukhumudwa. Kwathu kuno odwala ambiri sanena kuti ndakhumudwa, amati mutu, msana, kapena "mtima ukundiwawa". Ndikukumbuka mayi wina amene anakhuthula patebulo langa jumbo yodzaza ndi mapepala a panado otha, n'kunena kuti onsewa sanathandize. Nditamufunsa kuti kumunda kwayenda bwanji chaka chino, anagwira chitenje kukamwa n'kuyamba kulira. Panali patatha miyezi akuyezedwa malungo, koma za kumunda palibe anamufunsapo. Dziwaninso kuti kumwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi kumatha kuyambitsa mutu wina wosatha, choncho panado ameneyu mukamutchule kwa dokotala. Mukapemphenso kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, poti kuchepa kwa magazi nakonso kumafooketsa.

Mankhwala a matendawa alipo, monga fluoxetine ndi amitriptyline. Sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamatenga masabata awiri mpaka anayi, ena kuposerapo, ndipo sasiyidwa munthu akangoyamba kupeza bwino. Akakupatsani, azikusungirani wachibale n'kumakupatsani a tsikulo.

Za ngongole. Mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Sindinu munaitana ng'ambayo, ndipo sindinu munadzaza Lunyangwa. Ndikukhulupirira kuti m'gulu lanulo muli amayi ena amene akugona ndi nkhawa yomweyi, aliyense akuyesa kuti ali yekha. Pitani kwa amayi apampando panokha, msonkhano usanafike, mutenge mnzanu mmodzi, mukanene zimene mungakwanitse kubweza pa sabata ngakhale zichepe bwanji. Ngongole imene mwaikambirana imapepuka m'mutu kusiyana ndi imene mukuithawa.

Ndipo apa ndilankhule ndi magulu onse a banki mkhonde, a Umanyano, a Mvano, a Dorika ndi ena. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka ndalama kapena mapiritsi. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza chimene angachite sabata imeneyo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pabenchipo maulendo asanu ndi limodzi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Inu mumakumana kale sabata iliyonse. Musanatsekule bokosi la ndalama, patulani mphindi khumi zofunsana kuti mwagona bwanji, ndipo amene wajomba kawiri mukamuyendere musanamulembe chindapusa.

FUNSO: Mlamu wanga anabwera kudzakhala nafe ku Chibavi kuchokera ku Phalombe. Namondwe wa Freddy anamutengera mwana ndi mayi ake, ndipo thupi la mwanayo silinapezeke. Salankhula za nkhaniyi. Ikafika March amangodzitsekera m'chipinda. Ndimukakamize kuti alankhule kuti zimuchoke?

YANKHO: Ayi mayi, musamukakamize. Kale anthu ankaganiza kuti wopulumuka pangozi ayenera kufotokoza zonse kuti apepukidwe, koma zinaoneka kuti kukakamiza kumatha kutsekula bala popanda kulichiza. Freddy, mu March 2023, anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo mabanja ambiri ku Phalombe, Mulanje ndi Chilobwe anatsala ngati mlamu wanuyu, ndi maliro opanda manda. Chisoni chotere chimachedwa kupola chifukwa mtima umakhala ukudikirabe. Kuti chimakula mwezi umene ngoziyo inachitika, n'chinthu chodziwika.

Inu khalani naye pafupi. Mulowetsereni tiyi, khalani pamphasa pomwepo ngakhale osalankhula. Muuzeni kamodzi kuti "alamu, tsiku limene mudzafune kukamba za mwana uja, ine ndilipo", kenako musiyeni asankhe yekha tsikulo. Akayamba kulankhula musamudule ndi mawu oti limbani mtima kapena mudzabereka wina. Dzina la mwanayo muzilitchula, musalizembe ngati sanakhaleko. Mumufunse ngati angakonde kuti abusa kapena akuluakulu a banja achite mwambo wa chikumbutso, kapena kudzala mtengo pakhomo m'dzina la mwanayo. Ena zimawapatsa malo olirira, ena safuna, ndipo yankho lake mulilemekeze. Muzimupempha kuti akuthandizeni tintchito ta pakhomo ndi kukuperekezani kumsika, chifukwa kukhala yekha tsiku lonse kumakulitsa maganizo.

Mukaona kuti wasiya kudya kapena kusamba, wayamba kumwa mowa, akumva mawu amene inu simukuwamva, kapena akunena zofuna kutsatira mwana wake, musadikire kuti March adutse. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, mutengereni ku Saint John of God kapena ku Mzuzu Central Hospital tsiku lomwelo, ndipo musamusiye yekha mpaka ataonedwa.